M'MERA MPOYAMBA: WOPHUNZIRA UZAMBA ASANYOZE NCHITO ZOYAMBA ZA UNAMWINO

Caka ndi caka anyamata ndi atsikana amene ali pa maphunziro a unamwino m'dziko lino, ku Lusaka, ku Ndola, ku Chipata, ku St Francis' ku Katete, ku Mwami ndi kwina konse, amafika pa tsiku limene akhala ali kuliyembekeza kwa nthawi yaitali, ndilo tsiku lolowa m'wadi ya azimai obereka. Asanafike pamenepo amakhala atatha miyezi yambiri ali kuphunzira kusamba m'manja, kuyala bedi, kuwerenga kugunda kwa mtima, kupima kutentha kwa thupi, kutembenuza wodwala ndi kulemba pa pepala zonse zimene aona. Ambiri a iwo amayesa kuti nchito zimenezi ndi za ongoyamba kumene, ndi kuti tsopano yafika nthawi ya nchito yeni-yeni, yolandira mwana m'manja. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo amene amalipira kulakwa kwace ndi azimai ndi makanda.

Akulu-akulu amati wapakati ali pakati pa moyo ndi imfa. Ciwerengero ca Boma cionetsa kuti dziko lino layesetsa kukankhira azimai ku mbali ya moyo. Kufufuza kwa za umoyo kumene kunacitika m'zaka za 2001 ndi 2002 kunapeza kuti pa ana 100,000 ali onse obadwa amoyo, azimai 729 anali kufa kaamba ka pathupi. M'caka ca 2007 ciwerengero cinatsika kufika pa 591, mu 2013 ndi 2014 cinafika pa 398, ndipo mu 2018 cinafika pa 278. M'caka comweco ca 2018, ana 84 pa 100 ali onse anabadwira m'zipatala ndi m'makiliniki. Koma imfa za makanda osakwana mwezi umodzi sizinatsike: zinali 24 pa ana 1,000 mu 2013 ndi 2014, ndipo zinakwera kufika pa 27 mu 2018. M'mwezi wa May 2019, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Edgar Lungu, analengeza kuti imfa za azimai obereka ndi makanda ndi ngozi ya dziko lonse yofunika kuithetsa msanga.

Tanthauzo la manambala amenewa ndi lakuti azimai anamvera. Kwa zaka zambiri mafumu, alangizi ndi magulu a m'midzi a Safe Motherhood Action Groups akhala ali kuwalimbikitsa kuleka kuberekera pa nyumba, ndipo iwo abwera ku cipatala, ena pa njinga, ena pa ngolo, ena wa pansi. Tsono funso lasamuka. Lacoka pa mseu wopita ku cipatala, lafika pambali pa bedi. Kodi munthu amene waima pamenepo acita ciani ndi maso ace ndi manja ace? Kawiri-kawiri, makamaka usiku, munthu amene amakhala pafupi ndi mai kopambana onse ndi wophunzira.

Sopo ndi madzi

Phunziro loyamba la namwino ali yense ndi kusamba m'manja, ndipo kufunika kwa phunziro limeneli kunaonekera koyamba m'wadi ya obereka momwemo. M'caka ca 1847, pa cipatala cacikulu ca mzinda wa Vienna ku Ulaya, panali mawadi awiri a azimai obereka. M'wadi imodzi munali kuphunzira ofuna udokotala, m'inzace munali kuphunzira azamba. Dokotala wina wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, anaona kuti m'wadi yoyambayo azimai anali kufa ambiri ndi matenda otentha thupi amene amadza munthu akabereka. Iye anazindikira kuti ophunzira udokotala anali kucokera kotumbula mitembo ndi kudzagwira azimai ndi manja omwewo. Atalamula kuti ali yense azisamba m'manja ndi madzi a klorini, imfa zimene m'mwezi wa April zinali 18 pa azimai 100 zinatsika kufika pa 2 m'mwezi wa June. Sipanabwere makina kapena dokotala watsopano. Panaikidwa beseni cabe.

Mai amene wangobereka ali ndi bala m'kati mwa cibaliro, pamalo pamene panamatirira nsengwa, ndipo khanda liri ndi bala pa mcombo. Mabala onse awiri ndi makomo olowera tizirombo ta matenda. Wophunzira amene acoka pa bedi lina kupita pa lina atabvala magolovesi omwewo, poyesa kuti magolovesi ndiwo ukhondo, ali kucita cimodzi-modzi ndi ophunzira a ku Vienna aja. Lamulo limene anaphunzira m'caka coyamba silinasinthe: kusamba asanagwire munthu, kusamba atamgwira, ndi magolovesi atsopano kwa mai ali yense. Ndiponso ndi udindo wace kufotokozera mai ndi agogo a mwana kuti pa mcombo sapakapo phulusa, dothi kapena zitsamba, koma mankhwala okha amene cipatala capereka.

Cakudza siciimba ng'oma

Imfa zambiri za azimai obereka zimadza ndi kutaya magazi mwana atabadwa kale, pa nthawi imene acibale ali kululuta pa khonde ndipo onse ayesa kuti nchito yatha. Mai akataya magazi okwana theka la lita kapena kupitirira, ndiye kuti ngozi yayamba, ndipo ngati sathandizidwa angathe kufa pa maola awiri okha.

Pano pali cinthu cimene wophunzira ayenera kuonjezera pa nzeru zimene anatenga ku mawadi ena. Thupi la wapakati limaonjezera magazi pafupi-fupi theka la amene linali nao, kotero kuti mai wamphamvu angathe kutaya magazi ambiri BP yace iri kuoneka yabwino. Cimene cimayamba kusintha ndi kugunda kwa mtima, kumene kumafulumira ndi kupitirira 100 pa mphindi imodzi. Pambuyo pace zikhato ndi m'maso muyera, khungu lizizira, mai ayamba kumva ludzu ndi kusakhazikika. Pamene BP idzagwa, nthawi yambiri idzakhala itatayika kale. Ndico cifukwa cace pa maola awiri oyamba mai ayenera kuonedwa pa mphindi 15 ziri zonse. Zala ziwiri zikhale pa mtsempha wa pa mkono, dzanja ligwire pa mimba kuona ngati cibaliro calimba, ndipo citenje cibvundukulidwe kuti maso aone okha kuculuka kwa magazi. Mai amene wagona phee si nthawi zonse pamene ali kupumula.

Ngakhale nchito imene ophunzira amaida kopambana, yonyamula ciwiya cokodzeramo, iri ndi malo ace pano. Cikhodzodzo codzala cimaletsa cibaliro kulimba, ndipo cibaliro cosalimba ndico cimataya magazi. Wophunzira amene athandiza mai kutaya madzi pa nthawi yace wacita nchito ya uzamba, ngakhale kuti m'buku lace mulibe mzere woilembapo.

M'caka ca 2023 kunatuluka zotsatira za kufufuza kumene kunacitika m'zipatala pafupi-fupi 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, pakati pa azimai opitirira 200,000. Azamba anapatsidwa thumba la pulasitiki lokhala ndi mizere yopimira magazi, ndipo anauzidwa kuti akangoona ngozi apereke cithandizo conse pamodzi mosayembekeza: kusisita cibaliro, mankhwala a oxytocin ndi tranexamic acid, ndi dilipi. Mabvuto akulu odza ndi kutaya magazi anacepa ndi 60 pa 100. Maziko a cipambano cimeneci ndi phunziro la m'caka coyamba lija, lakuti namwino apime, asayerekeze ndi maso.

Mdani wina wa wapakati ndi kuthamanga kwa magazi. BP ikafika pa 140/90, ndipo mai adandaula mutu, kuona zinthu mbuu, kupweteka pansi pa nthiti, kapena kutupa nkhope ndi manja, mkodzo wace uyenera kupimidwa nthawi yomweyo, pakuti munthu wotere angathe kukomoka ndi kugwedezeka ngati wa khunyu. Mankhwala a bvuto limeneli ndi magnesium sulphate, koma akaculuka m'thupi amafooketsa kupuma. Cifukwa cace asanaonjezere nyeleti ina, namwino ayenera kuona zinthu zitatu: kuti mai apuma kosacepera 16 pa mphindi, kuti mwendo udumpha akamenya pa bondo, ndi kuti mkodzo utuluka wosacepera mamililita 30 pa ola. Kuwerenga mpweya, kuyesa bondo ndi kupima mkodzo zonse ndi nchito za wongoyamba. Amene anaziphunzira mwaulesi adzaima ndi mankhwala amphamvu m'manja osadziwa ngati ali kuciritsa kapena kupha.

Colembedwa cikhale coona

Pepala lotsatirapo kayendedwe ka kubereka, limene azamba amalicha partograph, linakonzedwa kufupi konkuno. Madokotala awiri, Philpott ndi Castle, analipanga m'caka ca 1972 m'mzinda wa Salisbury, umene tsopano ndi Harare, kuti azamba a m'makiliniki a kutali adziwe nthawi yotumiza mai ku cipatala cacikulu zinthu zisanaipe. M'caka ca 2020 bungwe la World Health Organization linatulutsa pepala latsopano lolowa m'malo mwace, koma colinga ndi comweco. Mtima wa mwana m'mimba umvedwe pa theka la ola liri lonse, ndipo uyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi. BP ya mai ipimidwe pa maola anai ali onse. Zonsezi zilembedwe pa nthawi imene zapimidwa.

Pali cizolowezi coipa cimene cimalowa m'mawadi otangwanika, cakudzaza pepala mwana atabadwa kale, ndi manambala a m'mutu, kuti sisita kapena dokotala akabwera apeze mizere yonse yodzala. Pepala lotere ndi loopsa kopambana lopanda kanthu. Lopanda kanthu limauza wowerenga kuti mai sanaonedwe, ndipo iye athamanga kukamuona. Labodza limamuuza kuti zonse ziri bwino, ndipo iye apitirira. Wophunzira amene walephera kupima pa nthawi yace asiye mpata ndi kunena coona. Cimodzi-modzinso posinthana nchito m'mawa ndi madzulo: mau akuti onse ali bwino si lipoti. Lipoti ndi dzina la mai, ola limene anabereka, magazi amene anataya, ndi cimene cifunika kucionetsetsa usiku.

Khanda si munthu wamkulu wocepa

Pofika kwa khanda, nchito zoyamba zija zifunika kuziphunziranso mwatsopano, cifukwa miyeso yace ndi yina. Munthu wamkulu akapuma 50 pa mphindi ali pa ngozi, koma khanda labwino limapuma pakati pa 30 ndi 60, ndipo kupuma kwace kumadukiza-dukiza, kotero kuti wowerenga ayenera kutha mphindi yathunthu ali ndi wochi m'manja. Mankhwala a khanda amaperekedwa monga mwa kulemera kwace, ndipo kadontho kamodzi koikidwa pa malo olakwa pa pepala kangathe kuonjezera mankhwala kakhumi. Sikelo ndi samu za m'kalasi ziri ndi nchito pano.

Mphindi yoyamba ya moyo ndiyo yofunika kopambana. Mwana apukutidwe bwino-bwino ndi nsaru youma, nsaru yonyowayo icotsedwe, ndipo ngati salira ndi kupuma, athandizidwe kupuma mphindi imeneyo isanathe. Njira yopimira mphamvu za khanda imene dokotala wa ku America, Virginia Apgar, anafalitsa m'caka ca 1953 iyang'ana zinthu zisanu: mtima, kupuma, maonekedwe a khungu, mphamvu za manja ndi miyendo, ndi m'mene mwana acitira akamkhudza. Palibe cimodzi mwa izi cimene cifuna magetsi.

Kuzizira kumapha makanda ngakhale m'dziko lotentha ngati lino, makamaka m'miyezi ya June ndi July. Kutentha kwa thupi la khanda kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Cifukwa cace mwana aikidwe pa cifuwa ca amace, khungu kukhudza khungu, abvekedwe cipewa, ayamwe ola loyamba lisanathe, ndipo asasambitsidwe kufikira atapita maola 24. Kwa ana obadwa osakwana makilogalamu awiri ndi theka, njira ya kangaroo, imene inayambira pa cipatala ca ku Bogotá m'dziko la Colombia m'caka ca 1978 kaamba ka kusowa kwa makina otenthetsa ana, yapulumutsa ambiri. Koma njirayi imayenda pokha-pokha ngati pali namwino woleza mtima, womanga citenje bwino, wopima mwana tsiku ndi tsiku, ndi wophunzitsa mai kufinya mkaka ndi kumwetsa ndi kapu.

Pakamwa pa namwino

Kulankhula ndi wodwala ndi phunziro lina loyamba limene limaiwalika msanga m'wadi ya obereka. Dandaulo la azimai lakuti amakalipidwa ndi kunyozedwa pa nthawi ya zowawa ndi lodziwika m'maiko ambiri, ndipo wophunzira amatengera msanga zimene amamva kwa omtsogolera. Nkhaniyi si ya ulemu wokha. Mai amene wamwa zitsamba zofulumizitsa kubereka, zimene zingathe kung'amba cibaliro, sadzaulula kwa munthu amene wamkalipira pa khomo. Mtsikana wa zaka 16 amene aopa sadzanena kuti mwana waleka kugunda m'mimba. Mai amene analeka kumwa mankhwala a HIV adzabisa, ndipo khanda lidzataya citetezo cimene likadalandira. Wophunzira amene apereka moni, anena kuti “Amai, ndifuna kukupimani, mundilole,” natseka nsaru yochinga, amamva zinthu zimene makina sangathe kuzipeza.

Dandaulo la ophunzira

Ophunzira naonso ali ndi mau, ndipo si onse opanda pace. Iwo amati mayeso afuna kuti buku lao lionetse ciwerengero ca ana amene anawalandira, kotero ali yense athamangira bedi limene mwana ali pafupi kubadwa, ndipo mai amene wabereka kale atsala yekha. Amati masukulu a unamwino aculuka, ndipo nthawi zina ophunzira m'wadi amaposa odwala, pamene mzamba wowayang'anira ali mmodzi. Amatinso n'kobvuta kusamba m'manja pamene mpope uli wouma, ndi kupima BP pamene makina ace anaonongeka.

Zonsezi ndi zoona, koma yankho lace si kutaya maziko. Pamene zipangizo zicepa, ndi pamene zala, maso ndi makutu zifunika kopambana. Kugunda kwa mtima kumawerengedwa ndi zala ndi wochi. Mtima wa mwana m'mimba umamveka ndi kalipenga ka mzamba. Ndowa ya mpope ndi sopo zingathe kuikidwa pa khomo la wadi iri yonse. Ndipo kuculuka kwa ophunzira kungasanduke dalitso ngati sisita woyang'anira wadi apatsa wophunzira ali yense mai mmodzi ndi khanda lace, kuti awasunge kuyambira pofika kufikira maola oopsa aja atapita. Kuthamanga si kufika. Amene walandira ana ambiri koma sadziwa kuzindikira mai amene ali kutha magazi sanakhale mzamba.

Zofunika kucitika

Bungwe loyang'anira anamwino, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1970 ndi dzina lakuti General Nursing Council, ndipo mwa lamulo la 2019 linakhala Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndilo limaika muyeso wa maphunziro. Nkoyenera kuti bungweli ndi aphunzitsi apereke malikisi olemera pa kusamala mai atabereka, pa kulemba zoona ndi pa kusunga khanda lofunda, monga m'mene aperekera pa kulandira mwana, pakuti wophunzira amaika mtima pa cimene cimampatsa malikisi. Kale mzamba anali kuyamba wagwira nchito ya unamwino; masiku ano ena amalowa maphunziro a uzamba mwacindunji. Awa afunika kupatsidwa nthawi yokwanira pa nchito zoyamba asanaloledwe kuima okha.

Boma linalemba nchito anthu a za umoyo opitirira 11,000 m'caka ca 2022, ndipo cimeneci cinali cinthu cabwino. Koma pogawa anchito, oyang'anira zipatala akumbukire kuti mzamba amene ali ndi ophunzira afunika mpata wophunzitsa, ndi kuti sopo, madzi, sikelo ndi makina opimira BP ziri ndi mtengo wocepa poyerekeza ndi maliro. Azamba okhwima akumbukire kuti wophunzira amatsata mapazi ao koposa mau ao: sisita akadumpha beseni, ophunzira khumi adzalidumpha. Naonso azimai ndi acibale ao alole ophunzira kuwathandiza pamene pali wowayang'anira, pakuti mzamba amene adzalandira adzukulu ao ndi yemweyo amene lero ali kunjenjemera ndi wochi m'manja.

Maiko anagwirizana kuti pofika caka ca 2030 imfa za makanda zitsike kufika pa 12 pa ana 1,000, ndi kuti imfa za azimai pa dziko lonse zikhale zosakwana 70 pa 100,000. Ulendowu ukali wautali. Nyumba zatsopano za obereka ndi maambulansi zidzathandiza, koma mbali yaikulu ya ulendowu idzayendedwa usiku m'wadi, ndi wophunzira amene adzauka pa mpando mphindi 15 zikakwana, nasamba m'manja, nagwira mkono wa mai amene aoneka ngati wagona, nalemba coona, nathamanga kukaitana sisita ngati zala zace zamuuza kuti zinthu siziri bwino. Masukulu amene aphunzitsa zimenezi mosatopa ndiwo adzapatsa dziko lino azamba amene liwafuna.